Ndinapuma pantchito mu Julaye, khansa anaipeza chaka chisanathe

Ndinagwira choko zaka 36, ndipo zaka 8 zomaliza ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale ku Chiradzulu. Mu Julaye 2022, nditakwanitsa zaka 60, ndinapuma. Tsiku lotsanzikana makolo anandipatsa mbuzi ndi zitenje ziwiri, ana a sitandade 8 anayimba mpaka ndinagwetsa misozi. M'mutu mwanga munali khola la nkhuku, dimba langa la kudambo, ndi zidzukulu zomwe ndinkangoziona pa holide. Ndinagula malata, ndinamanga khola, ndinaitanitsa anapiye 100.

Mu Okutobala ndinaona magazi pa chovala chamkati. Ndinali nditasiya kusamba kalekale, zaka 9 zitadutsa. Ndinati mwina ndikulimbikira kwambiri kudimba. Anabweranso patatha masabata awiri, kenako chikazi chamadzimadzi chonunkha. Bambo akunyumba sindinawauze. Amene ndinamunong'oneza ndi mnzanga wa ku Mvano, yemwe anagwirapo unamwino. Sanandinyengerere ayi. Anati, "Amayi, munthu akasiya kusamba magazi sabwerera popanda chifukwa. Mawa mmamawa ndikupezani, tipitire limodzi."

Kuchipatala cha boma anandiona, nkunditumiza ku Queens ku Blantyre. Kumeneko anadula kanyama kakang'ono pakhomo la chiberekero kuti akakayeze. Masabata odikira zotsatira aja sindidzawaiwala. Ndinkadzuka 3 koloko usiku kukaima m'khola, anapiye akulira, ine ndikudzifunsa ngati ndidzawaone atakula. Tsiku la zotsatira bambo anapita nane. Adokotala anakoka mpando, nakhala pafupi, nati, "Mayi, tapeza khansa ya khomo la chiberekero. Koma mwafika isanapite patali, tikhoza kuichotsa ndi opaleshoni." Mawu achiwiriwo ndinawamva mawa lake bambo atandibwerezera. Pa tsikulo ndinangomva liwu limodzi lokha.

Anandichotsa chiberekero kumayambiriro kwa 2023. Ndinagona mu wadi pamodzi ndi amayi ambiri, ena ochokera ku Nsanje, ku Mulanje, ku Phalombe, ambiri a iwo ang'onoang'ono kwa ine, ena atasiya ana oyamwa kunyumba. Bungwe la madokotala la MSF linayamba kuthandiza amayi odwala khansa imeneyi pa Queens mu 2018, ndipo ndinaona ndi maso anga ntchito yomwe anamwino a pamenepo amagwira. Ndinaonanso amayi omwe anafika mochedwa, omwe opaleshoni sikanathanso kuwathandiza. Nthawi imeneyo makina owotchera khansa kunalibe m'dziko muno, munthu ankayenera kutumizidwa kunja. Mayi yemwe anagona bedi loyandikana ndi langa anali ndi zaka 38. Sanabwerere kwawo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Khansa iyi siigwa ngati mphezi. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana ndipo anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo osadziwa. Kwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Kwa ena kamakhalira, nkumasintha pang'onopang'ono khungu la pakhomo la chiberekero, ndipo pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti pasanduke khansa. Kwa mayi yemwe chitetezo chake n'chofooka, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zimafulumira, zaka 5 mpaka 10. Zaka zonsezo munthu samva kupweteka kulikonse. Ndiye kuti pamene ndinkalemba masikimu, kuyang'anira mayeso a PSLCE, kuthamangira misonkhano kwa a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale), nthendayi inali m'thupi mwanga, ikadali pa msinkhu woti namwino akanaithetsa tsiku limodzi.

Kuyeza kwake si kovuta. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, nkudikira mphindi imodzi. Malo omwe ayamba kusintha amaoneka oyera. Akakhala aang'ono amawawotcha ndi kachipangizo kotentha pomwepo, mayi nkubwerera kwawo ndi miyendo yake. M'zipatala za boma n'zaulere. Pulogalamu imeneyi inayamba m'dziko muno mu 2004, ine ndili ndi zaka 42, mkati mwenimweni mwa zaka 25 mpaka 49 zomwe a zaumoyo amalimbikitsa kwambiri. Ndinkamva pa wailesi. Ndinkaona chikwangwani pakhomo la chipinda chija ndikapita kukayezetsa BP. Ndinkati ndilibe nthawi, komanso kunena zoona ndinkachita manyazi kuvulira namwino yemwe mwina ndinamuphunzitsa ndekha sitandade 4.

Mu Januwale 2019 boma litayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndine ndinaitanitsa msonkhano wa makolo. Panali mphekesera zoti katemerayu ndi woletsa kubereka. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango kufotokozera makolo kuti si zoona, kuti khansa imeneyi ndi yomwe ikupha amayi ambiri ku Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Ndinandandalika atsikana pamzere ndi dzanja langa. Ndimanyadira tsiku limenelo. Koma a zaumoyo aja atanyamuka, sindinafunse n'komwe kuti nanga ine ndikayezetse kuti.

Nditatuluka m'chipatala ndinaitana ana anga aakazi awiri ndi mpongozi wanga. Ndinawauza zonse, osabisa, ngakhale za chikazi chija. Wamkulu anati, "Amayi, ifetu sitikumva kupweteka paliponse." Ndinamuyankha kuti nanenso sindinkamva. Anapita onse atatu sabata yomweyo. Awiri anawapeza ali bwino. Mpongozi wanga, wa zaka 34, mayi wa ana atatu, anamupeza ndi kamalo koyera. Anamuwotcha tsiku lomwelo, masana anali atafika kale kunyumba, nkudzandionetsa zomwe analemba m'buku lake la kuchipatala. Atabwerera patatha chaka anamuuza kuti pachira.

Ine ndimapitabe ku Queens kukaonedwa pa masiku omwe amandilembera. Usiku woti mawa ndi ulendo tulo sitibwera, ndipo sindikudziwa ngati mantha amenewo adzathe. Anapiye oyamba aja anawagulitsa bambo ndili m'chipatala kuti tipeze ya thiransipoti. Omwe ali m'khola pano ndi gulu lachisanu, ndipo Loweruka lino mpongozi wanga akubwera kudzandithandiza kupita nawo kumsika wa Limbe.