Tsiku Limene Ndinaimbira Mphemvu

Achemwali anandisiyira ana awiri ndi malamulo atatu: asagone mochedwa, asaonere zoopsa, ndipo nyumba adzaipeze monga aisiyira. Lachitatuli analibwereza kawiri, diso lili pa makatani awo atsopano a pabalaza, obiriwira a maluwa oyera, amene ngakhale mphepo inkayamba yaodira isanawagwedeze. Ine ndinadziguguda pachifuwa. "Pitani bwino achemwali, ana awa ndi anga omwe."

Ndiulule pompano kuti kudzipereka kwangaku sikunali chikondi cha pa ana chokha. Nyumba yoyandikana ndi ya achemwali kumakhala mtsikana wina amene ndinali nditamupatsa moni kwa miyezi isanu ndi umodzi, moni yekhayekha, koma nditasita malaya.

Filimu imene tinaonera usikuwo ndinasankha ndekha, ndiye palibe woti ndimuloze chala. Inali Enchanted, ya Disney, ya mu 2007. Imayamba ngati katuni yakale, mtsikana wa m'nthano akuimba ndi tinyama ta m'nkhalango, akudikira mwana wa mfumu amene wangomuona dzulo lake kuti akwatirane lero. Kenako mfiti imamukankhira m'chitsime, n'kukatulukira pa dzenje la ngalande pakati pa msewu ku Times Square, mumzinda wa New York, atasanduka munthu weniweni, Amy Adams, ali ndi chidiresi chaukwati chosakwana pakhomo. Womutola n'kukhalanso loya wa milandu yothetsa mabanja. Munthu wokhulupirira chikondi chosatha wagwera m'manja mwa munthu amene amadyera kutha kwa chikondi. Ine pamenepo ndinali nditayamba kale kugwira nthiti.

Pamene ndinatheratu ndi pa m'mawa uja, mtsikanayo atadzuka n'kuona kuti nyumba ya loya ili mbwee. Amatsegula zenera, n'kuimba kuitana nyama zoti zimuthandize. Koma ku New York agwape awapeza kuti? Kumabwera makoswe, nkhunda ndi mphemvu, n'kuyamba kukwecha bafa ndi kutsuka mbale mosangalala. Akatero amadula makatani a mwini nyumba n'kusoka diresi.

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Nditacheuka ndinapeza kuti ndikuseka ndekha. Wamkulu, mtsikana wa zaka 7, anali tcheru, chibwano chili m'manja, ngati akumvera mphunzitsi za mayeso. Kamng'ono kake, ka zaka 4, kanali kukamwa yasa.

Ine ndili ndi matenda ofotokoza. Ndinaimitsa filimu n'kuyamba kuwaphunzitsa kuti zonsezi n'zoseleula. Ndinawauza kuti mu 1937 Walt Disney anatulutsa katuni ya Snow White, nthano imene abale awiri a ku Germany, a Grimm, anaisindikiza mu 1812, ndipo m'menemo mtsikana akaimba kumabwera mbalame, agologolo ndi agwape kudzasesa nyumba ya tiamuna 7 tofupika. Ndinati mu Cinderella ya mu 1950 mbewa ndi mbalame ndi zimene zimasoka diresi. Choncho kuseketsa kwake n'kwakuti akampani omwewo akudziseka okha, m'malo mwa agologolo aikamo makoswe. Ana awa makatuni akalewo anali asanawaonepo n'kamodzi komwe. Zinali ngati kuyerekeza mayendedwe a munthu pamaso pa anthu amene sakumudziwa: iwo amangoona ngati ndi mmene umayendera.

Mtsikanayo anandilola kumaliza, kenako anafunsa funso limodzi. "Amalume, ndiye kuti mphemvu zimamva nyimbo?"

"Mufilimu zimamva," ndinatero.

Mawu oyambawo anagwera pansi. Iye anatola achiwiriwo n'kukagona nawo.

Chimene chinandidzutsa pa sofa m'mawa mwake ndi dzuwa. Linandiwomba pamaso penipeni, pamalo pamene dzuwa silinkafika. Nditapenya ndinaona kuti likudutsira pa chibowo cha pakati pa makatani, chibowo chachikulu choti mbuzi n'kudumphirapo osakhudza. Pansi panakhala mwana wa achemwali, sizasi ili m'manja, lilime lili panja chifukwa cha khama. Mozungulira iyeyo munali nyenyeswa za dzulo, mapilo, zidole ndi chinachake chomata chimene mpaka lero sitinagwirizane kuti chinali chiyani. Foni inalira. Uthenga wa achemwali: tifika 10 koloko. Nthawi n'kuti ili 9:20.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma milomo yake inayamba kunjenjemera, ndipo ndinadziwa kuti akalira mwana uyu sitisesa. Anati ndisadandaule, iye wayesa kale kuimba koma mawu ake ndi aang'ono, safika kumene mphemvu zimakhala. Pakufunika munthu wa mawu aakulu. Ndipo nyama sizibwera ngati woimbayo sanavale diresi.

Apa mpamene nzeru za munthu wamkulu zinandigwetsa. Ndinawerengera kuti kutsutsana naye kundidyera mphindi 20, pamene kuimba kundidyera imodzi. Tinapangana: ndiimba kamodzi, kukapanda kubwera kanthu, aliyense agwira tsache. Anavomera msangamsanga moti ndikanayenera kukayikira.

Diresilo linali nsalu ya katani yokhala ndi bowo la mutu, lobooledwa chapambali. Anandimanga m'chiuno ndi chingwe cha tchaja, kamng'onoko kanandiika thaulo kumutu kuti likhale tsitsi. Mbali imodzi ya nsaluyo inali isanadulidwe yonse, inali ikadalendewera kumtengo wa makatani, koma ndinati za mphindi imodzi sizifuna telala. Ndinatsegula zenera, ndinatambasula manja monga anachitira mtsikana wa mufilimu uja, n'kutulutsa mawu.

Za mawu anga ndingonena kuti kwaya ya kusukulu anandipempha kuti ndizingogwedeza milomo.

Woyamba kuyankha anali galu wa nyumba ina, amene analira ngati kwagwa zovuta. Wachiwiri sanayankhe kanthu. Anangoima pa chingwe choyanikira zovala, malaya onyowa ali m'manja, akundiyang'ana. Mtsikana uja. Miyezi isanu ndi umodzi yosita malaya, lero akundiona nditavala makatani, thaulo kumutu, manja ali m'mwamba ngati ndikuitana mvula. Ndinaganiza kuti kusiya pakati kuoneka ngati misala, bola kumaliza kuti zioneke ngati ndi dala. Ndinakweza mawu.

Kugwedezeka kwa nsalu kuja kunadzutsa mwini malo. Kuseri kwa mtengo wa makatani kunatuluka mphemvu, osati tija tothamanga pansi, koma chimphemvu chamapiko, chija chimene chikauluka ngakhale munthu wolimba mtima amaitana amake. Chinazungulira kamodzi pabalaza n'kutera pakhosi panga, kenako tsee, kulowa m'diresi.

"Zabwera! Amalume, zabwera! Musasiye kuimba!"

Sindinasiye, kungoti nyimbo inasintha. Ndinavina gule amene alibe dzina. Ndinadzimenya pachifuwa, pamsana, m'khwapa, ana akuwomba m'manja motsatira. Phazi linaponda mpendero wa diresi, nsalu inakoka mtengo, mtengo unazuka ndi misomali yake n'kundipeza pamphumi, go! Ndinagwa chagada pakati pa nyenyeswa, makatani otsalawo n'kundifunditsa bwinobwino.

Sindinakomoke. Ndikunena izi chifukwa pabanja pathu nkhaniyi imakambidwa molakwika. Ndinali ndikudzuka pamene ndinamva kiyi akutembenuka pachitseko, ndi mawu a achemwali akuti afulumira chifukwa msewu unalibe magalimoto ambiri. Pamenepo ndinaona kuti munthu wokomoka safunsidwa mafunso. Ndinatsinzina.

Kunali zii. Kenako phazi lina linalowa mothamanga, ndi mawu amene ndinkangowamva pa moni akufunsa ngati ndavulala.

"Sanavulale," anatero mwana wa achemwali, modekha ngati dokotala. "Agona tulo ta m'nthano. Sadzuka mpaka munthu wowakonda zenizeni awapsompsone. Anti, yesani inuyo. Amakuyang'anani pazenera tsiku lililonse akabwera."

Munthu wokomoka sachita manyazi, koma makutu anga anatentha moti ndikukhulupirira kuti ankaoneka. Ndinamva mtsikanayo akulimbana ndi phwete, likumutuluka m'mphuno. Pansi pamtima, ndisaname, kachiyembekezo kena kanatukula mutu.

"Musavutike," anatero achemwali. "Womukonda zenizeni ndine. Ndinamubereka kumsana ameneyu."

Anapita kukhitchini. Ndinamva chitseko cha firiji. Chikondi chenichenicho chinandipeza kumaso, jagi yonse, ndi timiyala ta ayezi tomwe. Ndinadzuka msanga kuposa mwana wa mfumu aliyense wa m'makatuni, ndikupuma ngati wovuulidwa m'madzi, thaulo litapendekeka.

Achemwali sanakalipe. Anayang'ana chibowo, anayang'ana mabowo a misomali kukhoma, anayang'ana tchaja yawo m'chiuno mwanga, kenako anandifunsa mwaulemu woopsa kuti pa malamulo atatu aja ndasungapo liti. Ndinati ana anagona nthawi yabwino. Kamng'onoko kanati tinagona filimu itatha kachiwiri.

Nthawi yomweyo mphemvu ija inatulukira pa mpendero wa diresi, yonyowa koma yamoyo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku nyenyeswa. Tonse tinaiperekeza ndi maso. Itafika inaima, n'kugwedeza tinyanga take pa kanyenyeswa kamodzi.

Mwana wa achemwali anagwira dzanja la amake n'kunong'ona, kuopa kuisokoneza. "Mwaona amayi? Yayamba ntchito."