Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: kachubu ka pachifuwa

Ndikuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka inu amene munafunsa chifukwa chimene ndinavomerera kuti andiboole pakhosi n'kundiika kachubu ka dialysis, kosefera magazi pa makina, pamene azakhali anga anali atakana kwamtuwagalu. Mpaka lero azakhaliwo amauza anthu kumudzi kuti ndinadzipereka kwa madokotala mwaphuma, koma iwo sanagonepo ndi kachubu ka m'mphechepeche kaja, kamene anandiika poyamba. Kachubu kameneko n'kongoyembekezera, ndipo sikayenera kukhalitsa m'thupi chifukwa majeremusi amalowerapo mosavuta, pomwe impso zanga zinali zitasiyiratu kugwira ntchito.

Ku chipatala chachikulu cha Kamuzu anandigoneka chagada, anatembenuzira mutu wanga kumanzere, n'kundiphimba nkhope ndi nsalu. Ndinali maso nthawi yonseyo, pakuti anangondibaya jakisoni wochititsa dzanzi. Dokotala anafufuza mtsempha waukulu wa kumanja kwa khosi ndi makina ounikira m'thupi a ultrasound, kenaka anadutsitsa kachubuko pansi pa khungu kuchokera pachifuwa kukafika pakhosi, n'kukalowetsa mumtsemphamo mpaka nsonga yake itafika pakhomo pa mtima. Ululu sunali waukulu, koma ndinkamva kukoka ndi kukankha, monga mmene timalowetsera lasitiki m'chiuno mwa siketi. Waya wotsogolera utatsika, mtima wanga unadumphadumpha, ndipo ndinaganiza za ana anga awiri amene ndinawasiya ku Area 25 asanadye. Namwino anandigwira dzanja nati, "Mayi, pumani pang'onopang'ono, tatsala pang'ono kumaliza." Misozi inatsikira m'makutu, ndipo sindikanatha kuipukuta.

Pambuyo pake anandifotokozera kuti pansi pa khungupo pali kansalu kozungulira kachubuko, kamene mnofu umakamatirira pakapita masabata angapo, ndipo ndiko kamatsekera majeremusi njira. Pachifuwa panga panatsala michira iwiri, wofiira ndi wabuluu: wina umatengera magazi ku makina a dialysis, wina n'kuwabweza atasefedwa, ndipo akamaliza amathiramo mankhwala a heparin kuti magazi asaundane.

Ndinakhala nako miyezi 7 ndikudikira fistula ya pamkono, imene si yofanana ndi ija ya amayi ovulala pobereka, koma kulumikiza mitsempha iwiri kuti dialysis azichitira pamenepo. Nthawi yonseyo sindinadzithirepo madzi kumutu. Ndinkasamba kuyambira m'chiuno kupita m'munsi, ndipo msana ankandipukuta ndi mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali mu Sitandade 6.