Kukana Mlandu wa Pamsewu Kukhothi la Majisitireti

Oyendetsa galimoto ambiri akauzidwa ndi wapolisi wapamsewu kuti athamanga kupitirira liwiro lololedwa, amangolipira chindapusa pomwepo kuti apitirize ulendo, ngakhale akudziwa mumtima kuti sanalakwe. Ine ndinasankha kukana mlandu wotere, ndipo nkhani yanga inapita kukhothi la majisitireti.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 limanena kuti munthu woimbidwa mlandu aonedwe wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa, choncho udindo wobweretsa umboni uli kumbali ya boma. Mfundo imeneyi ndiyo inandilimbitsa mtima. Wapolisi atamaliza kupereka umboni wake, ndinaloledwa kumufunsa mafunso, ndipo ndinafunsa pamene makina oyezera liwiro anaikidwa, ngati chithunzi chinkaonetsa bwino nambala ya galimoto yanga, komanso ngati chikwangwani cholamula kuchepetsa liwiro chinkaoneka kwa woyendetsa. Ndinapereka zithunzi zosonyeza kuti chikwangwanicho chinali chitagwa ndi kuphimbika ndi udzu, ndipo majisitireti anandimasula chifukwa umboni wa boma sunachotse chikayiko.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti njira imeneyi imadya nthawi, pakuti mlandu umatha kuimitsidwa kangapo, ndipo dalaivala wa minibasi amene amadalira ndalama za tsiku sangakwanitse kusiya ntchito kuti akadikire kukhothi. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti ali ndi ufulu wochita apilo ku High Court.