Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Chifukwa Chake Nkhani ya Achimwene Sinapite ku Geneva

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Chawama amene anandikumbutsa kuti za maphunziro anga sindinazimalize. Ambiri mwafunsa funso lomwe amalume aja amandinena nalo pamaliro paliponse, lakuti munthu wophunzira za ufulu wachibadwidwe analekeranji kutengera nkhani ya imfa ya achimwene ake ku United Nations. Ndiyankha lero. Amalume, ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimenezi, choncho mumvetsere.

Zaka zogulitsa salaula ku Soweto Market mukuzidziwa kale, tizidumphe. M'kalasi ku yunivesite ya UNZA chinthu choyamba kutiphunzitsa chinali kusiyanitsa mabungwe awiri a United Nations a ku Geneva. Human Rights Council, yomwe inakhazikitsidwa mu 2006, ndi msonkhano wa maboma 47, ndipo kumeneko kumalamulira ndale. Human Rights Committee ndi akatswiri 18 osaimira boma lililonse, amene amalondoloza pangano la mayiko la ufulu wa nzika ndi wa ndale, lotchedwa ICCPR. Dandaulo la munthu payekha pa panganoli limapita ku komitiyi, ndipo ife a ku Zambia njirayi ndi yotseguka chifukwa boma linalowa m'panganoli mu 1984 pamodzi ndi pangano lowonjezera lololeza madandaulo. Rodger Chongwe, amene anawomberedwa ku Kabwe mu 1997 ali ndi Kenneth Kaunda, anadutsa momwemo, komiti n'kumupeza wolakwiridwa mu 2000.

Madandaulo ambiri amagwera pakhomo, asanawerengedwe n'komwe. Wodandaula ayenera kukhala wolakwiridwayo kapena womuimira, monga wachibale kapena loya, ndipo dzina lake lilembedwe. Atchule ndime ya pangano yomwe yaphwanyidwa. Nkhaniyo isakhale ikuzengedwa ku bungwe lina la mayiko pa nthawi yomweyo. Chachikulu kuposa zonse, akhale atamaliza makhothi a kwawo mpaka apilo yomaliza, ndipo atumize makope a zigamulozo. Amakhululukira pokhapokha munthu akasonyeza kuti makhothiwo akuchedwetsa mlandu mopyola muyeso kapena kuti sangathandize kanthu. Ukachedwanso zaka zoposa zisanu chigamulo chomaliza chitaperekedwa, akhoza kukana. Pepala likalandiridwa, boma limapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti liyankhe, kenako kudikira kwa zaka.

Mlandu wa achimwene unathera pa khothi loyamba. Mukukumbuka kuti ndalama za loya zinatha titagulitsa kale makina osokera a amayi. Usiku womwe ndinawafotokozera amayi zimenezi magetsi anali atazima, iwo akuotha mbaula, envelopu ya mapepala a chipatala ili pamiyendo. Anaisunga m'pulasitiki ya shuga kuti isanyowe. Ndinayamba ndi Chingelezi cha m'kalasi, ndinasiya, ndinayambanso m'chinenero chathu. Anandilola kumaliza. Kenako anati, "Mwananga, ndiye kuti azunguwo akufuna tiyambe tapeza ndalama za apilo, ndiye amve kuti mkulu wako anafa bwanji?" Ndinati inde amayi. Anatsegula envelopuyo, anayang'ana chithunzi, anaitsekanso. Sanalire. Anangondifunsa ngati ndadya. Amalume, tsiku limene tinkasonkha za apilo inu munati mukumanga nyumba ku Chipata. Sindikudandaula, ndikungokumbutsa.

Ena munalemba kuti bwanji ku Banjul, likulu la African Commission, bungwe la ufulu wachibadwidwe la mayiko a mu Africa. African Commission ili ndi makomishinala 11, ndipo ndime 56 ya pangano lake, African Charter, imafunanso kuti makhothi a kwanu muwamalize. Imawonjezera ziwiri zomwe anthu amagwa nazo: dandaulo lisakhale ndi mawu onyoza boma, ndipo lisatsamire pa nkhani za m'nyuzipepala zokha. Ubwino wake ndi wakuti bungwe likhoza kudandaulira munthu wina. Amnesty International inatero pa nkhani ya William Banda ndi John Chinula, andale a chipani cha UNIP amene anathamangitsidwira ku Malawi mu 1994 powanena kuti si nzika. Komishoni inagamula mu 1999 kuti Zambia inalakwa, koma a Chinula anali atamwalira kale ku Malawi komweko. Za khothi la ufulu wachibadwidwe la mu Africa la ku Arusha musavutike nazo. Malawi anavomera kuti nzika zake zizikasuma zokha kumeneko, Zambia sanatero.

Mabungwe onsewa alibe apolisi. Chomwe ali nacho ndi kuchititsa manyazi ndi kukumbutsa mosalekeza, n'chifukwa chake ine ndinasankha kulimbikira pa UPR (Universal Periodic Review), kuunika kwa ufulu wachibadwidwe komwe kumachitika ku Human Rights Council, ngakhale anzanga ankaiderera. Apa dziko lililonse mwa mayiko 193 limaunikidwa ndi mayiko anzake pakapita zaka zinayi ndi theka, pa msonkhano wa maola atatu ndi theka. Zambia inaunikidwa mu 2008, 2012, 2017 ndi Januwale 2023. Pamakhala malipoti atatu: la boma, la United Nations, ndi chidule cha zomwe atumiza mabungwe omwe si aboma pamodzi ndi Human Rights Commission yathu. Apa safunsa za apilo. Kabungwe kakang'ono ka ku Matero kakhoza kulemba, bola kasapyole mawu 2,815, kapena 5,630 ngati mabungwe alembera limodzi, ndipo katumize miyezi ingapo msonkhano usanachitike.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kulemba pempho lopanda mutu, monga lakuti boma lilemekeze akaidi. Lotero boma limalivomera mosangalala chifukwa palibe angaliyeze. Lembani chinthu chowerengeka: lamulo liti lisinthidwe, imfa iliyonse ya m'chitokosi ifufuzidwe ndi ndani, lipoti lituluke liti. Kenako yendani m'maofesi a akazembe muno mu Lusaka, chifukwa pamsonkhanowo amayankhula ndi maboma okha, ndipo pempho lanu limamveka kazembe wina akalinyamula. Boma limayankha pempho lililonse, ena kuwavomera, ena kungoti lawamva. Za chilango cha imfa ankatiuza mobwerezabwereza kuyambira pa mlandu wa Lubuto ku Human Rights Committee mu 1995, ndipo chinathetsedwa mu Disembala 2022.

Gawo likudzali ndifotokoza za ntchito yanga yoyamba yoyendera ndende, ndi momwe mlamu wanga uja anandipezera malo ogona ku Kabwe.