Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Maliro a bambo ndinawalirira kuntchito

Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lathali. Koma kwa achibale amene mukunenabe kuti ndinakana dala kubwera kumaliro, ndibwereze: mapepala anga anali asanatuluke. Ndikanakwera ndege sindikanabwereranso, ndipo fizi ya ana a achemwali inkachokera m'thumba langa lomweli. Amalume, inu mukudziwa zimenezi.

Bambo anatisiya mu June 2012, ine misozi osatuluka. Ndinkangodzuka, kukwera basi, kukasambitsa agogo kunyumba ya okalamba ija ya ku Nottingham, basi.

Pa 2 August masana ndikugawa tiyi, TV inkaonetsa Olympics ya ku London. Ndinaona amuna awiri atagwada m'kabwato, aliyense ndi nkhafi yake, akulimbana ndi madzi olusa a ku Lee Valley. Pazipata zobiriwira ankatsata madzi, pazofiira ankabwerera kukakwera molimbana nawo. Ukangokhudza mtengo wa chipata amakuwonjezera masekondi 2, ukachiphonya 50. Wakumbuyoyo atamiza nkhafi n'kupotoza phewa, ndinaona bambo pa Shire ku Liwonde, malaya atamangirira m'chiuno, akuwolotsa amayi a madengu a nsomba. Manja anga anayamba kunjenjemera mpaka tiyi kutayikira m'thireyi. Ndinathawira kochapira zovala, ndinakhala pansi pakati pa mashiti akuda, ndipo ndinalira mokuwa ngati ndili pasiwa. Makina ochapira ndiwo anabisa mawu anga.

Anyamatawo anali Etienne Stott ndi Tim Baillie. Mu fainolo anayamba ndiwo kupalasa chifukwa analowamo ali pa nambala 6, koma anatenga golide, kuposa anzawo David Florence ndi Richard Hounslow ndi masekondi 0.36 okha. Mapasa a ku Slovakia, a Hochschorner, amene anapambana mu 2000, 2004 ndi 2008, anathera pachitatu.

Patangopita masiku awiri katswiri wothamanga Mo Farah anawina, dziko lonse n'kutengeka naye. Ndinkafunsa anzanga kuntchito za Stott, onse ankangopukusa mitu, chonsecho Holme Pierrepont, komwe anyamatawa ankakonzekera, ndi pafupi ndi Nottingham pomwepo. Zimandiwawabe. Munthu wathera unyamata wake m'madzi ozizira, mphoto yake n'kukhala bokosi la makalata lopakidwa golide ku Bedford. Olympics ya ku Rio itatha mu 2016, mpikisano wa amuna awiriwo anauchotsamo.

Zaka zinadutsa, ndinakwatiwa, ndinasamuka. Dzina la Stott ndinalimvanso mu 2019 atamangidwa pa zionetsero za kusintha kwa nyengo ku London, ndipo ndi pamene mnzanga wina wakuntchito kuja anandiimbira kuti, "Kodi si munthu wako uja?"

Bwato la bambo linawolera padooko. Nkhafi yawo achemwali anandisungira, ili kuseri kwa chitseko kunyumba. Za ulendo wokaiona ndidzalemba Loweruka.