Chivindikiro chija chinali kalilole, ine osadziwa

Lachiwiri usiku ndinaseka ndekha ngati wopenga. Kwa masabata asanu ndakhala ndikulimbana ndi kujambula botolo limodzi la perefyumu, lagalasi, la chivindikiro chachitsulo chonyezimira, ndipo zithunzi zonse zinkaipa mofanana. Pachivindikiropo pankaoneka zenera, denga, ndi kanthu kena kakuda kooneka ngati chule. Kachuleko ndinali ine ndemwe, nditawerama ndi kamera.

Za kuwala kofewa ndi kolimba sindichedwa nazo, anzanga mukuzidziwa kale. Softbox, bokosi lija lofewetsa kuwala kwa nyali, ukaiyandikitsa mithunzi imafewa, mtunda wa nyali ukauwirikiza kawiri kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, kabowo ka lenzi pa f/8 kapena f/11, kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu chija, basi. Zonsezi ndinazichita molondola, botolo likuipabe. Mpaka ndinayamba kuganiza kuti vuto ndi kamera yanga, kuti mwina yakalamba.

Chinachitika n'chiyani? Ndinatopa, ndikuti ndilongedze ndikagone. Pochotsa katoni yoyera imene inali patebulo, diso langa linagwera pasikirini, ndipo ndinaona mzere woyera ukuyenda pachivindikiro. Ndinaibweza katoni ija, mzere unabwerera. Ndinaikweza, mzere unakwera. Ndinatenga chikuto chakuda cha kope langa n'kuchiika mbali inayo, ndipo m'mphepete mwa chitsulo munajambulika mzere wakuda woongoka bwino, chivindikiro n'kuyamba kuoneka cholemera, ngati cha m'magazini. Botolo sindinalikhudze n'komwe.

Pamenepo m'pamene zinanditsegukira. Nsalu kapena pepala zimamwaza kuwala mbali zonse, n'chifukwa chake ukaziwalitsa zimangowala. Chitsulo chosalala ndi galasi sizitero. Zimabweza kuwala monga khoma limabwezera mpira umene wauponya mopendekeka: ngodya imene wafikira ndi yomweyo imene unyamukire, kulowera mbali inayo. Ndiye kuti kamera siona chivindikiro. Imaona chipinda chimene chikudziyang'anira pachivindikirocho. Ndipo chinthu chikakhala chobulungira, chimaona pafupifupi chipinda chonse, kuyambira kudenga mpaka malaya amene wavala.

Ndibwerezenso, chifukwa ineyo ndinazimva kangapo osazimvetsa. Ukafuna kuti chitsulo chioneke choyera, usachiloze ndi nyali. Ika chinthu choyera pamalo pamene chitsulocho chikuyang'ana, nyali uloze choyeracho. Ukafuna pakuda, ika chakuda pomwepo. Masabata onsewa ndinkakonza pamwamba pa tebulo, kusuntha botolo pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, pamene ntchito yeniyeni inali kunja kwa chithunzi, kumene kasitomala sadzaonako.

Galasi la botololo nalo linagonja usiku womwewo. Ndinaika kuwala kumbuyo kwake, kudutsa papepala loyera lopyapyala, kenako timakatoni tiwiri takuda mbali iyi ndi iyo, kunja pang'ono kwa pamene kamera imalekezera kuona. M'mbali mwa botolo munatuluka mizere yakuda, maonekedwe ake n'kuima bwinobwino, madzi a m'kati n'kuwala ngati muli nyali. Ukatembenuza, kumbuyo kukhale kwakuda kuwala kuzilambalala m'mbali, mizereyo imakhala yoyera. Ndinayesa njira zonse ziwiri mpaka batire linatha.

Tsopano ndinene poyera, mundinene kuti ndikukokomeza ngati mukufuna: katoni yakuda ndi sizasi zikuposa nyali yodula iliyonse imene ndinaisirirapo. Ndadula timizere ta milingo yosiyanasiyana, tina topyapyala ngati chala, tina totambalala ngati chikhatho, ndipo ndimayenda nato m'chikwama. Ndajambula nato wotchi, supuni, magalasi a m'maso, ngakhale ketulo. Mnzanga wina wa m'kalasi lathu lophunzira kujambula zithunzi akuti ndalowa mpingo wa katoni. Sindikukana.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti mfundo yomweyi yasintha mmene ndimasankhira tinthu tokongoletsera. Kale ndinkaunjika maluwa, timiyala, nsalu yopindapinda, kandulo, poganiza kuti ndikulemeretsa chithunzi. Kunena zoona ndinkabisa botolo limene linandikanika. Koma duwa lofiira ukaliika pafupi ndi galasi silikhala pambali chabe, limalowa m'botolomo n'kusiya banga lofiira pamene pamayenera kuoneka mtundu wa perefyumu. Kanthu kalikonse patebulo kamaoneka kawiri. Ndinayamba kuchotsa kamodzikamodzi mpaka panatsala mwala umodzi wosanyezimira, ndipo dzina la pabotolo linayamba kuwerengeka. Nditabwereranso ku zithunzi zimene katswiri wojambula Irving Penn anajambulira Clinique, kampani ya zodzoladzola, kwa zaka zambiri, ndinachita manyazi. Kumbuyo koyera, katundu ali pafupifupi yekha, m'mbali monse mooneka bwino. Poyamba ndinkati ndi zosavuta zimenezo, aliyense angathe.

Apa ndidandauleko pang'ono. Aphunzitsi athu anatha masabata atatu pa moodboard (zithunzi zosonkhanitsidwa zoonetsa maonekedwe amene ukufuna), kugwirizana kwa mitundu, ndi lamulo lija loti zinthu zitatu kapena zisanu zimakoma kuposa ziwiri kapena zinayi. Nditawaonetsa chule wanga uja n'kufunsa chochita, anangoti, "Zimenezo mudzakonza mu Photoshop." Ndinamvera. Ndinatha mausiku atatu ndikufufuta zenera pachitsulo, ndipo chotsatira chake chinali chivindikiro chooneka ngati chapulasitiki chopakidwa utoto wotuwa. Mphindi khumi zokha, katoni m'manja, akanandipulumutsa. Mwina kwa iwo n'zachidziwikire moti anaiwala kuti zimaphunziridwa. Amene anazolowera ntchito amatero, manja amachita okha, pakamwa osanena kanthu.

Komabe ndisawalakwire, ntchito amaidziwa. Ndi iwo anatiuza kuti wotchi imaikidwa pa 10:10 kuti mivi isaphimbe dzina la kampani, kuti madontho a pabotolo lozizira ndi madzi osakaniza ndi giliserini kuti asayenderere msanga, kuti galasi siligwiridwa popanda magolovesi chifukwa kachidindo ka chala kamene diso silikaona kamatuluka ngati phiri pasikirini. Zonsezo ndi zothandiza. Kungoti anandipatsa zokometsera maziko ndisanamange.

Nthawi nayo siili kumbali yanga. Masana ndimakhala kuntchito, ndikamafika kuwala kwa pazenera, kuja koyera kwa pafupifupi 5500K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, kwapita. Chotsala ndi babu la m'chipinda lachikasu, la cha m'ma 2700K, ndipo ndikaiwala kulizimitsa limasakanikirana ndi nyali yanga, chizindikiro chobiriwira cha pabotolo n'kusanduka mtundu wina umene mwini katundu sangauvomere. Iye mtundu umenewo anaulipirira, ndi umene anthu amamudziwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma amene ananena mawuwa analibe ntchito yopereka Lachisanu.

Ndipo sindikudziwa kuti chimwemwe changachi chifika nane pati. Pa zithunzi zogulitsira pa intaneti njira yanga ikukwana ndithu. Amazon imafuna kuti chithunzi chachikulu chikhale ndi kumbuyo koyera kotheratu, 255 pa mitundu yonse itatu ya pasikirini (wofiira, wobiriwira ndi wabuluu), katundu adzaze 85 peresenti ya chithunzi kapena kuposerapo, popanda tokongoletsera. Pamenepo mizere yanga yakuda ndi imene imateteza botolo kuti lisasungunuke m'zoyerazo. Koma chithunzi cha pa Instagram, chija chotalikirapo m'mwamba, cha 4:5, chimene chiyenera kusiya malo olembapo mawu ndi kuuza munthu kuti perefyumuyu ndi wa anthu otani, ndi nkhani ina. Katoni siyankha funso limenelo.

Dzulo mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anabweretsa chithunzi cha botolo lomweli. Zenera likuoneka pachivindikiro, mthunzi wa katani wagwera patebulo, zonse zimene ine ndinkalimbana nazo anazisiya dala. Chinali chokongola kuposa changa. Changa n'choyera, cholondola, koma ukachiyang'ana nthawi yaitali chimakhala ngati botolo lili m'chipatala. Chake chimaoneka ngati m'chipindamo muli munthu amene wangotuluka kumene. Ndakhala ndikudzifunsa ngati iye anasankha zenera lija podziwa zimene ine ndangozindikirazi, kapena zinangomuyendera. Kumufunsa ndikuchita mphwayi, mwina ndikuopa yankho lake.

Ntchito ya sabata yamawa ndi sopo wa m'kabokosi ka pepala, kosanyezimira ngakhale pang'ono. Ndayesa kale kuika timakatoni tanga m'mbali mwake. Mthunzi unada pang'ono mbali imodzi, kenako basi, kabokosi kali phee kundiyang'ana.