Loweruka la kiyibodi ku Matawale

Lero magetsi anazima m'mawa onse ndiye pulakatisi ya kwaya tinaisunthira masana. Cha m'ma 2 ndakwera njinga yamoto kuchoka ku Chinamwali kupita ku Matawale kiyibodi ili pamiyendo, wanjinga akungonyinyirika njira yonse kuti katunduyu ndi wautali ndilipire za anthu awiri. Ndi Yamaha PSR-S670 ya makiyi 61, anabwera nayo achimwene kuchokera ku Joni, yakalambako koma ikulirabe bwino.

Ndinapeza mwana wa achemwali anga akundidikira, uyu ali ku Chanco ndipo amapanga mabiti pa laputopu ndi pulogalamu ya FL Studio. Atangoiona anaseka, akuti ankolo zinthu izi ndi za azibambo a kutchalitchi, achinyamata pano tili pa amapiano ndi afrobeats. Ndinamusiya alankhule, kenako ndinamuuza kuti khala apa, dzanja lamanzere ugwire kodi imodzi basi, kutanthauza makiyi angapo odinidwa pamodzi. Atagwira, ng'oma, bezi ndi gitala zonse zinadzuka nthawi imodzi, atasuntha zala nazo zinatembenuka kumutsatira. Ndi mmene kiyibodi ya mtundu wa arranger imagwirira ntchito, kumanzere ukuuza bandi kopita, kumanja ukuimba nyimbo, batani la Intro poyamba, Main A mpaka D nyimbo ikamatentha, Ending potseka. Atalakwitsa kodi bandi yonse inalakwa naye limodzi, amayi a soprano mpaka kugwira m'mimba ndi phwete.

Koma pena pake mnyamatayu akunena zoona. Mukatsegula masitayilo obwera ndi kiyibodiyi mupeza waltz, polka, bossa nova, country, zinthu zoti kuno ku Zomba palibe angavine. Manganje mulibe, beni mulibe, log drum ija ya amapiano a ku South Africa yomwe imagunda pachifuwa mulibenso. Ndiye mwana wokulira pa TikTok akamva malipenga a m'menemu amangoti ndi za pa chinkhoswe. Makiyibodi atsopanoko monga Genos ya Yamaha yomwe inatuluka mu 2017 kapena Korg Pa5X amalira bwino kwambiri, koma mtengo wake ndi madola masauzande angapo, ndani wa ku Chikanda angagule zimenezo pomwe laputopu yakale ndi mahedifoni zikukwanira kutulutsa nyimbo.

Chomwe chinamutseka pakamwa ndi kwaya yeniyeniyo. Amayi otsogolera nyimbo athu sadikira munthu, amayamba pa kiyi yomwe yawabwerera pakhosi, kolasi amaibwereza kasanu ngati mzimu wawagwira, kenako mwadzidzidzi akweza dzanja kuti titsike. Biti ya pa laputopu singadikire zimenezo, imangopita. Ine ndinangomenya batani la liwiro la Tap Tempo kutsatira kuwomba m'manja kwawo, losintha kiyi la Transpose kawiri, tili limodzi. Iye anali phee kuyang'ana zala zanga.

Ngakhale Transpose yomweyo ine imandinyansa nthawi zina, anyamata ambiri pano amadziwa kiyi imodzi yokha, zina zonse ndi batani. Komanso tisaname, makiyibodi amenewa adyera anthu ntchito, pa ukwati amangoitana munthu mmodzi ndi sipika ziwiri, woimba ng'oma ndi wa bezi ali kunyumba.

Kwaya itabalalika tinatsala awiri, iye wapeza Style Creator yopangira masitayilo m'kati, akuti ankolo bwanji simunanene kuti munthu atha kupanga zake. Anayamba kuika ng'oma za 6/8 mmodzimmodzi, bezi akuidula mwachidule ngati log drum, sizinafanane kwenikweni koma mwendo unayamba kugwedezeka wokha. Taisunga pa flash. Akuti ndimubwereke kiyibodi Lachitatu akaionetse anzake ku hostel, ndamuuza kuti adaputa ikapsa agula yekha, komanso Lachisanu ikhale itabwerera chifukwa Loweruka kuli ukwati ku Sadzi.